Kalata yotseguka kwa akuluakulu a khonsolo: musanatipezere ngongole ina, yambani mwatilipira zimene munatenga kale

Kwa a Bwanamkubwa, a Wapampando wa khonsolo, makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nonse amene muli ndi mawu pa kayendetsedwe ka boma lino,

Ndakupatsani moni, akuluakulu.

Ndikulemba m'malo mwa anthu amene mumawatchula m'zolankhula zanu zonse koma simukhala nawo pansi kawirikawiri: akalipentala, owotcherera zitsulo, atelala, eni zigayo, eni magolosale, okonza mafoni ndi njinga zamoto, amayi ogulitsa pamsika, komanso ochepa aja amene afika polemba ntchito anthu khumi kapena makumi awiri. Palibe amene wandisankha kuti ndiwalankhulire. Koma zimene ndinene pano ndi zimene timakambirana tikakhala patokha inu kulibe, ndipo ndaona kuti n'kwabwino muzimve monga mmene timazinenera.

Pamsonkhano uliwonse mumati ife ndife nsanamira za chuma, ndipo simunama. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imati pafupifupi mabizinesi 90 mwa 100 aliwonse padziko lino ndi ang'onoang'ono ndi apakatikati, ndipo ndi amene amalemba ntchito anthu oposa theka la onse apantchito. Bungwe la ILO, loona za ntchito, linapeza mu 2018 kuti mu Africa anthu pafupifupi 86 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito amapezera zosowa zawo m'ntchito zosalembetsedwa kuboma. M'boma ngati lathu, kumene kulibe fakitale yaikulu ndipo olandira pamwezi ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi inu a m'maofesi basi, mwana akamaliza sukulu amakhala ndi njira ziwiri: kulowa kwa mmisiri, kapena kukwera basi wakutauni. Amisiri akamatseka, mabasi amadzaza.

Chimene chimatidabwitsa ndi mankhwala amene mumatibweretsera. Tikadandaula, yankho limakhala lomwelo chaka ndi chaka: thumba latsopano la ngongole. Kumakhala mwambo, matenti, zolankhula, ndi chithunzi cha cheke chachikulu ngati chitseko. Ngongole timaifuna, ndipo ndiikambanso kutsogoloku. Koma mpamba umene tili nawo kale ukutha, ndipo gawo lalikulu likuthera pakhomo pa maofesi anu, podikira malipiro, podikira siginecha, polipira ziphaso zosadziwika chiyambi chake. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja kapena lamulo latsopano lochokera kulikulu. Zili m'manja mwanu momwemo.

Ndiyambe ndi ngongole zimene inu muli nazo kwa ife, chifukwa ndi zimene zagwetsa anthu olimba kwambiri amene ndikuwadziwa.

M'boma losauka, wogula wamkulu kuposa onse ndi khonsolo pamodzi ndi masukulu, zipatala ndi maofesi ake. Kalipentala akapatsidwa oda ya madesiki a sukulu amaona ngati mwayi wamugwera. Matabwa, misomali, guluu ndi vanishi amagula ndi ndalama yapamanja, chifukwa wogulitsa sadziwa za oda. Anyamata ake amawalipira pasabata. Galimoto yonyamula madesiki amalipira tsiku lomwelo. Mpamba wake ukaperewera amabwereka, ndipo poti banki imachedwa, amapita kwa akatapila, akuganiza kuti pakangotha mwezi abweza. Madesiki amafika, ana amakhalira, akuluakulu amabwera kudzajambulitsa. Kenaka mwini wake amayamba ulendo wa kuofesi. Lero akuti ndalama sizinabwere kuchokera kulikulu. Sabata yamawa akuti osaina apita kumsonkhano. Mwezi wotsatira akuti fayilo yasowa, alembenso. Chaka cha boma chikatha akuti imeneyo ndi ngongole ya chaka chatha, idikire kaye bajeti ina.

Pa miyezi yonseyo katapila sagona. Mitengo ya matabwa nayo siima, makamaka ndalama ya dziko ikagwa mphamvu. Tsiku limene cheke chidzatuluke, ndalamayo siingagulenso matabwa ochuluka ngati amene anagwiritsa ntchito, ndipo phindu lonse linapita kale kwa wobwereketsa. Kunena mosapsatira, mmisiri wosauka wakongoza boma ndalama popanda chiwongoladzanja, pamene iyeyo anabwereka pa chiwongoladzanja choopsa. Kumeneko ndi kudyera munthu masuku pamutu, ngakhale amene akuchita zimenezo asakudziwa.

Ndipo kuchedwako kumabala zina. Pamene malipiro alibe tsiku lodziwika, wogwira fayilo amasanduka mfumu, ndipo kangachepe kamayamba kuyenda kuti cheke chako chidumphe cha mnzako. Amalonda ochenjera amakweza mitengo yawo kawiri pofuna kudziteteza ku kuchedwako, ndiye khonsolo imagula zinthu modula kuposa munthu wamba. Amalonda oona mtima amangosiya kupikisana nawo. Otsala ndi makampani akuluakulu a m'mizinda, amene angathe kudikira chaka osamva kuwawa, ndi abale a anthu ena amene amadziwa kuti awo sadikira. Pamapeto pake ndalama za chitukuko cha boma lino zimatuluka m'boma lino, kenaka mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani kuno kulibe kontirakitala wamphamvu.

Vutoli si lathu lokha, ndipo ena analipezera njira. Ku India lamulo la 2006 loona za mabizinesi ang'onoang'ono limati wogula katundu kwa wabizinesi wamng'ono amulipire pasanadutse masiku 45, ndipo akachedwa alipire chiwongoladzanja chowirikiza katatu poyerekeza ndi chimene banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa. Mayiko a European Union anagwirizana mu 2011 kuti maofesi a boma azilipira pasanathe masiku 30. Sindikunena kuti kumeneko aliyense amatsatira lamulo. Koma ngongole yochedwa ikakhala ndi mtengo wake, mkulu wa zachuma amaiona ngati moto woyenera kuzimitsa. Ya kwathu kuno ilibe mtengo uliwonse kwa inu, n'chifukwa chake imakhala kumapeto kwa mndandanda.

Phunziro lina likuchokera ku Kenya. Mu 2013 dzikolo linalamula kuti magawo 30 mwa 100 a zogula za boma azipita kwa achinyamata, amayi ndi anthu olumala. Linali ganizo labwino, ndipo ambiri analembetsa makampani awo. Koma maboma aang'ono a kumeneko anadzaunjika ngongole zosalipidwa, ndipo ena mwa amene anapambana makontirakitiwo anatsala ndi ngongole za kubanki mmalo mwa chuma. Kupatsa wamng'ono kontirakiti popanda kumulipira pa nthawi yake n'kumufulumizitsa kugwa. Choncho musathamangire kulengeza kuti mwatipatulira gawo. Yambani ndi zinthu zosavuta. Musapereke oda ngati ndalama yake palibe. Matani pakhoma la khonsolo mndandanda wa onse amene muli nawo ngongole, ndi tsiku limene katundu wawo analandiridwa, ndipo muzilipira motsatira mndandandawo, woyamba kupereka akhale woyamba kulandira. Ntchito yaikulu muziiduladula kuti amisiri angapo a kuno aigawane, mmalo moimanga mtolo umodzi umene angausenze ndi wa mumzinda yekha. Pa ntchito yofuna zipangizo zambiri, perekani gawo lina poyamba, monga mmene mumachitira ndi makampani akuluakulu omanga misewu.

Tsopano za misonkho ndi ziphaso. Musamve ngati tikukana kulipira. Tikudziwa kuti khonsolo siyenda ndi mphepo. Chimene chimatipweteka ndi kusadziwa. Munthu mmodzi amalipira chiphaso cha bizinesi, cha zaumoyo, cha chikwangwani, cha malo, msonkho wa tsiku ndi tsiku wa pamsika, ndi wina wa katundu wotuluka m'boma, chilichonse ku ofesi yake, tsiku lake, ndi mzere wake. Tsiku limene mwini sitolo ali pamzere, sitolo ndi yotseka. Mitengo ya ziphasozo siilembedwa poonekera, ndiye wotolera aliyense amatchula yake, ndipo malisiti ena amaoneka kuti sanatuluke m'buku la khonsolo. Ife timalipira zambiri, inu mumalandira zochepa, ndipo tonse timanyozana pamene ndalama yathera pakati.

Mu 1983 gulu la katswiri wa zachuma Hernando de Soto linayesa kutsegula kashopu kosoka zovala mumzinda wa Lima ku Peru potsatira malamulo onse. Linatenga masiku 289, ndipo panjira anapemphedwa ziphuphu kakhumi. Kuyambira pamenepo mayiko ambiri afupikitsa njira yolembetsera bizinesi kulikulu, koma m'makhonsolo zinthu zambiri zidakali momwemo. Ku Kenya komweko, pofika chaka cha 2000, makhonsolo anaphatikiza ziphaso zambirimbiri kukhala chimodzi cholipira kamodzi pachaka. Palibe chovuta kuti nafenso tikhale ndi chiphaso chimodzi, mtengo wake wolembedwa pachipata cha msika, ndi nambala ya foni yolipirirapo kuti ndalama izifika mu akaunti ya khonsolo osadutsa m'thumba la munthu. Mudzadabwa kuona ndalama zikuchuluka musanakweze msonkho uliwonse.

Komanso mudzifunse chifukwa chimene ambiri safuna kulembetsa. Si umbuli. Munthu amawerengera: ndikalembetsa ndipeza chiyani? Ngati yankho ndi lakuti otolera msonkho adziwa pamene ali basi, sadzalembetsa, ngakhale mumuyendere ndi chimkuzamawu chaka chonse. Wogulitsa pamsika amene amalipira tsiku lililonse koma chimbudzi chinadzaza kalekale, mpopi ndi wouma, zinyalala zaunjikana ndipo mlonda kulibe, akamanyinyirika sakulakwa. Ndalama za pamsika gawo lina lizitsala pamsika pomwepo, ndipo komiti ya amalonda izidziwa kuti mwezi uno zatoleredwa zingati, zagwira ntchito yanji.

Nkhani ya malo ndiinene mwachidule, ngakhale ndi yowawa. Misika yambiri yatsopano imamangidwa pamene khonsolo yapeza malo aulere, osati pamene pamadutsa anthu. Ikatha imakhala yopanda kanthu, mavenda n'kubwerera m'mbali mwa msewu, apolisi n'kuyamba kuwathamangitsa ndi kuwalanda katundu. Katundu amene mumalandayo ndiye mpamba wonse wa banja. Ku Tunisia, pa 17 December 2010, mnyamata wogulitsa zipatso m'tauni ya Sidi Bouzid, Mohamed Bouazizi, anadziyatsa moto akuluakulu a m'tauniyo atamulanda katundu wake n'kukana kumva dandaulo lake, ndipo pasanathe mwezi boma la dzikolo linagwa. Sindikuopseza munthu. Ndikungokumbutsa kuti kulanda sikelo ya munthu si nkhani yaing'ono kwa mwini wake. Ku Durban, pamalo otchedwa Warwick Junction, khonsolo inachita zosiyana m'zaka za m'ma 1990: inakhala pansi ndi mavenda, n'kuwamangira mashedi ndi mosungira katundu pomwe ankagulitsira kale, pafupi ndi malo okwerera sitima ndi mabasi. Musanaike mwala wa maziko a msika wina, funsani ogulitsa kuti ogula amadutsa pati.

Amisiri nawo akufuna malo okhala ndi mapepala. Wowotcherera amene ali pamalo obwereka, amene angathamangitsidwe mawa, sangamange shedi yolimba, sangakoke magetsi amphamvu, ndipo banki siingamuyang'ane kawiri. Dulani mapuloti ang'onoang'ono a amisiri pamalo amodzi pofika msewu ndi magetsi, muwapatse lizi ya zaka zingapo yolembedwa bwino, ndipo muonetsetse kuti apita kwa ogwira ntchito ndi manja, osati kwa akuluakulu amene adzangowatchinga ndi mpanda kudikira kuti mtengo ukwere.

Ndibwerere ku ngongole monga ndinalonjezera. Ganizo lakuti kangongole kakang'ono kangatulutse munthu mu umphawi linatchuka ndi Muhammad Yunus wa ku Bangladesh, amene anayamba kubwereketsa anthu a m'mudzi wa Jobra mu 1976, n'kudzakhazikitsa Grameen Bank mu 1983, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Ntchito yake inasonyeza chinthu chofunika, chakuti osauka amabweza ngongole. Koma akatswiri atayeza mosamala m'mayiko asanu ndi limodzi, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti ngongole zoterezi zimathandizako pang'ono, koma sizisintha kwenikweni ndalama zimene banja wamba limapeza. Ife a m'misika sitinadabwe. Ngongole imene uyamba kubweza sabata yotsatira siingagule makina. Imangogula katundu wothamanga, yemweyo amene mnzako wa benchi loyandikana akugulitsa, ndiye nonse mumatsitsirana mitengo mpaka phindu litatha.

Kafukufuku wina wa mumzinda wa Kolkata ku India ndi amene ndikufuna mumumvetsetse. Amayi ena obwereka anapatsidwa miyezi iwiri yopuma asanayambe kubweza, ena anayamba nthawi yomweyo monga mwa masiku onse. Patapita zaka pafupifupi zitatu, mabizinesi a amene anapatsidwa mpata aja anali ndi phindu lokwera kwambiri, ngakhale kuti olephera kubweza pakati pawo anachulukirapo. Ndalama inali yofanana, chinasiyana ndi nthawi. Ndi nthawi yomweyo imene inu mumatilanda mukachedwetsa malipiro.

Ndipo pali gulu limene aliyense amaliiwala. Wogulitsa pabenchi ali ndi banki mkhonde ndi mabungwe a ngongole zing'onozing'ono. Kampani yaikulu ili ndi banki. Koma amene ali pakati, wa antchito asanu kapena khumi, wofuna makina opalira matabwa kapena firiji yaikulu, ndi wamkulu kwambiri kwa banki mkhonde ndipo ndi wamng'ono kwambiri kwa banki, imene imafuna chikole cha nyumba ya mapepala mumzinda. Chikhalirecho ameneyu ndi amene angalembe ana athu ntchito. Dziko la Nigeria linayesa njira ina kuyambira 2011 pa mpikisano wotchedwa YouWiN: amalonda analemba mapulani awo, ndipo opambana anapatsidwa pafupifupi madola 50,000 a ku America aliyense, osabweza, koma moperekedwa m'zigawo akaonetsa kuti ntchito ikuyenda. Kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse anapeza kuti opambanawo anali ndi mwayi waukulu kwambiri wofika pa antchito khumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene sanalandire. Khonsolo yathu ilibe ndalama zoterozo, ndikudziwa. Koma mfundo yake ndi yotheka: kusankha poyera, kuthandiza ochepa mokwanira, mmalo mogawira anthu chikwi tindalama tosagula kanthu kuti chiwerengero chimveke bwino pawailesi. Ndipo thumba lililonse logawidwa ndi andale chisankho chikayandikira anthu amalitenga ngati mphatso, salibweza, ndipo limafa lisanafike kwa amene akanaligwiritsa ntchito.

Aphungu, pano ndi panu. Ku Ghana, kuyambira 2010, kuli kaundula wa chikole cha katundu wosunthika, kotero kuti makina, galimoto, ziweto kapena katundu wa m'sitolo angathe kuimira ngongole. Mayiko angapo a mu Africa atsatira. Kumene lamulo lotere lilipo, kakamizani mabanki kuti aligwiritse ntchito kumidzi kuno, osati mumzinda mokha. Ndipo oda ya khonsolo ikanakhala yodalirika, iyo yokha ikanakhala chikole chokwanira. Lero woyang'anira banki akaona oda ya khonsolo amangoseka.

Za maphunziro ndinene pang'ono, chifukwa ndi kumene ndalama zambiri za mabungwe zimathera. Takhalapo m'maholo ambiri, kumva za kulemba mabuku a ndalama kuchokera kwa anthu amene sanagulitsepo ngakhale singano, ndipo ambiri amabwerera alawansi. Ku Lomé m'dziko la Togo anayerekeza mitundu iwiri ya maphunziro pa amalonda pafupifupi 1,500. Amene anaphunzira za masiku onse, zowerengera ndalama ndi kutsatsa malonda, phindu lawo silinasinthe kwenikweni. Amene anaphunzitsidwa kudziyambira zinthu okha, kufunafuna chatsopano chimene anzawo sakugulitsa ndi kukonzekera mavuto asanafike, phindu lawo linakwera ndi magawo 30 pa 100 m'zaka ziwiri. Ngati mukufuna kutiphunzitsa, tumizani mmisiri wodziwa adzakhale nafe mushopu masiku angapo, aone mmene timadulira, mmene timasungira katundu, mmene timaikira mtengo. Ndalama ya holo ndi chakudya mulipire mmisiriyo.

Magetsi ndi misewu simuzilamulira nokha, ndiye sindikhalitsapo. Ndingonena ziwiri. Magetsi akamathima, tiuzeni ndondomeko yake ndipo itsatidwe, chifukwa mwini chigayo angathe kukonza ntchito yake ngati akudziwa maola, koma sangalipire antchito tsiku lonse akuyang'ana waya. Ndipo posankha msewu wokonza ndi ndalama zochepa zimene muli nazo, sankhani mlatho umene umadula alimi ndi msika nyengo ya mvula, osati msewu wopita kwa munthu wotchuka.

Mwina mukuganiza kuti ndangobwera ndi madandaulo. Ayi. Ndikulemba chifukwa ndikuona kuti nthawi ino ili ndi mwayi umene makolo athu analibe, ndipo zikundiwawa kuuona ukudutsa. Kuchokera pamene M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007, kutumiza ndalama pafoni kwafalikira mu Africa monse, moti wamalonda wa kumudzi amaoda katundu mumzinda osakwera basi, osayenda ndi ndalama m'thumba. Mbiri ya malonda ake imatsala mufoni, ndipo imeneyo ingathe kukhala umboni kwa wobwereketsa. Telala amajambula chovala n'kuchiika pa WhatsApp kapena Facebook, ogula n'kumupeza ali kutali. Mitengo ya magetsi a dzuwa yatsika kwambiri m'zaka khumi ndi zisanu zapitazi, kotero kuti malo ometera, osungira zinthu mozizira ndi othirira mbewu akutheka kumene waya sunafike. Njinga zamoto zafupikitsa mitunda. Malo ochitira malonda a m'mbali mwa misewu akukula okha kukhala matauni, ndipo aliyense womanga nyumba kumeneko akufuna zitseko, mawindo, njerwa ndi mipando. Mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa, umene unasainidwa ku Kigali mu 2018 n'kuyamba kugwira ntchito mu January 2021, ukutsegula misika ya kunja pang'onopang'ono, ngakhale kuti wopindula adzakhala amene katundu wake ali ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo.

Pamenepo ndi pamene khonsolo ingachite chinthu chanzeru. Zokolola zathu zimatuluka m'boma zili zosakonza, zotsika mtengo, n'kubwerera zili m'mapaketi, zodula. Amene amayesa kuzikonza kuno amakanika pa zinthu zimene munthu mmodzi sangazikwanitse: kuyezetsa katundu ku labotale ya mumzinda, kugula mabotolo ndi mapaketi amene amagulitsidwa ochuluka nthawi imodzi, kupeza nyumba yokwaniritsa malamulo a ukhondo. Nyumba imodzi yotere, yomangidwa ndi khonsolo n'kumabwerekedwa kwa magulu angapo mosinthana, ndi kuitana oyeza miyezo kuti azibwera kuno pa masiku odziwika, zingatsegule njira kwa anthu ambiri kuposa thumba lililonse la ngongole. M'chigawo cha Oita ku Japan, bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anayambitsa mu 1979 ndondomeko yakuti mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi chimene ungachipange bwino kuposa ena. Mayiko ambiri anatengera dzinalo, koma ambiri anaiwala kuti ku Oita anthu ankasankha okha, ndipo boma linkathandiza pa luso ndi kupeza misika, osati kugawa makina amene palibe anawapempha. Makina ogawidwa motero tawaonapo akuchita dzimbiri m'mashedi okhoma.

Nafenso amalonda tili ndi zathu zoti tikonze, ndipo sindibisa. Ambiri sitisiyanitsa thumba la bizinesi ndi la pakhomo, moti maliro amodzi kapena fizi ya temu imodzi imagwetsa sitolo. Timakonda kutengerana: mmodzi akatsegula malo ogulitsira zipangizo za foni n'kuoneka kuti zikuyenda, mwezi wotsatira pamakhala asanu. Ena amapereka katundu wosalimba akadziwa kuti wogula ndi boma, ndipo ena ndi amene amayamba kutambasula dzanja ndi kangachepe asanapemphedwe. Mabungwe athu amadzuka pokhapokha kukamveka za alawansi. Zimenezi ndi zathu, tizikambirana patokha. Koma musazigwiritse ntchito ngati chifukwa chosiyira zanu, pakuti wamalonda wosalongosoka amagwetsa sitolo imodzi, pamene ofesi yosalongosoka imagwetsa msika wonse.

Chomaliza ndi mpando. Bajeti ya khonsolo, mitengo ya ziphaso ndi mapulani a misika zimakambidwa m'zipinda zimene ife timangomva kuti munakumana. Mukatiitana kumakhala kudzatiuza zimene mwagwirizana kale. Tikupempha kuti amalonda, osankhidwa ndi amalonda anzawo osati otoledwa ndi ofesi, azikhala nawo m'komiti ya zachuma ndi ya zamalonda, ndipo mwa iwo mukhale amayi, poti ndiwo ochuluka m'misika ngakhale kuti pa makontirakiti saoneka. Misonkhanoyo iziitanidwa pa tsiku losakhala la msika.

Pa zonse ndanenazi, chimodzi mungachichite mwezi uno osawononga ndalama iliyonse. A Bwanamkubwa, uzani mkulu wa zachuma atulutse mndandanda wa ngongole zonse zimene khonsolo ili nazo kwa amalonda a m'boma lino, ndi tsiku limene aliyense anapereka katundu kapena kumaliza ntchito. Uwerengedwe pamsonkhano wa khonsolo yonse, umatidwe pakhoma, ndipo bajeti ikubwerayi isanavomerezedwe, makhansala agwirizane kuti ngongolezo zilipidwa liti ndiponso motsatana bwanji. Tsiku la msonkhanowo mutidziwitse, tidzatseka mashopu n'kubwera kudzamvera.

Ine wanu,
Mmodzi mwa amalonda a m'boma lino